Magetsi mu Mtima wa Mkamwini

Chaka chimene chimanga chinachita bwino ku Lirangwe mpaka anthu kumasunga matumba m'bafa, ndi chaka chomwecho chimene mtima wa bambo anga unayamba misala. Tinali titangomaliza kukolola. Munthu atakhala phee pakhonde, osanyamula kanthu, osathamangitsidwa ndi galu, mtima unkangoyamba kuthamanga ngati chigayo chimene achiyatsa mulibe chimanga. Ukaika dzanja pachifuwa pawo unkamva ngati m'katimo atsekeramo nkhunda. Malaya ankanjenjemera okha. Tsiku lina batani linaduka n'kuuluka kukagwera mu kapu ya abusa amene anabwera kudzawapempherera. Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa, ndipo abusawo tiyiyo anamwabe.

Kuchipatala chaching'ono anangotiyang'ana n'kutitumiza ku chachikulu cha m'tauni. Amayi anakhala gadiyani, kugona pa chitenje m'mbali mwa bedi. Ine, pokhala nthawi imeneyo ndinkayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndinasanduka wotumidwa wa banja lonse. Bambo anapatsidwa mapiritsi, anapatsidwa madilipi, koma mtima unakana kumva. Mapazi anayamba kutupa, ndipo ankapuma ngati munthu wokwera phiri pamene ali chigonere.

Dokotala amene ankawaona anali mayi wachitsikana, wamfupi, wolankhula modekha ngati akukuuza za nyengo. M'mawa wina anatiitana pafupi ndi bedi, ine ndi amayi.

"Mankhwala akanika," anatero. "Chatsala n'chakuti tiwagoneke tulo pang'ono, kenako tiumenye mtimawu ndi magetsi, kamodzi, mwamphamvu, kuti uyambirenso bwino."

Amayi anayang'ana babu la kudenga.

"Magetsi ake omwewa, adokotala?"

"Abale ake," anayankha dokotala.

Ine ndinafunsa kuti chinthu chimene chimapha anthu pa mapolo chingachiritse bwanji munthu pabedi. Dokotala sanakwiye. Anakhala pamphepete pa bedi n'kufotokoza, ndipo ndilemba monga ndinamvera.

Mtima ndi nyama, koma nyamayo inapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Selo lililonse linakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ngati kajumbo komangira fulizesi. M'kati muli madzi a mchere wamtundu wina, kunja madzi a mchere winanso, ndipo pa kachikopako pali timakomo. Timakomoto tikatseguka mchere umadutsa, selo n'kudzikoka, kenako n'kugwedeza linzake kuti nalo litero. Zikamayenda mwandondomeko, ndiye kugunda kwa mtima kumene timamva kuja. Mwa bambo, selo lililonse linkatsegula khomo pa nthawi yakeyake, ngati kwaya imene aliyense wayamba vesi yake. Magetsi amphamvu amakankha maselo onse nthawi imodzi, onse n'kukhala chete kamphindi, woyambitsa nyimbo n'kumvekanso.

"Nanga sawotcha?" anafunsa amayi.

"Akachuluka amavulaza, sindingakubisireni," anatero dokotala. "Magetsi akafika pa selo amakoka kachikopa kaja, mbali iyi kwina, mbali inayo kwina. Mphamvu ikakula, timabowo timatseguka. Tating'ono timadzitseka tokha. Koma tikakula, mchere wa m'kati ndi wa kunja umasakanikirana, selo n'kutopa kapena kufa kumene. N'chifukwa chake timayeza. Sitimenya ngati mphenzi."

Ine ndinamva zonse bwino lomwe, moti akanandibwereka jekete loyera ndikanamaliza ndekha ntchitoyo. Kenako dokotala anatembenukira kwa bambo n'kufunsa ngati akulola. Bambo anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana simenti.

"Adokotala," anatero amayi, "bambowa si anga. Ndinangobwereka."

Apa ndiime kaye, chifukwa dokotala uja anadabwa, ndipo mwina ena mukudabwa. Kwathu mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi. Amalima kumeneko, amamanga nyumba, amabereka ana, amameranso imvi komweko, koma thupi lake limakhalabe la alongo ake. Bambo anga kwawo kunali ku Chileka, ndipo ku Lirangwe, ngakhale atabzala mitengo imene tsopano ikupereka mthunzi kwa adzukulu, ankawerengedwabe ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Mwamuna wotere akamwalira ndi matenda, anthu amati ndi Mulungu. Akamwalira ndi chinthu chimene mkazi wake anavomereza, amati ndi mkaziyo. M'mudzi mwathu muli mayi wina amene analola kuti mwamuna wake amuzule dzino lobowoka popanda kuuza akuchimuna. Chaka chotsatira bamboyo anagundidwa ndi lole pa msewu wa ku Zalewa, ndipo mpaka lero abale ake amati zonse zinayambira pa dzino. Mayiyo akapita kumaliro amakhala kumbuyo payekha. Ngati ndikunama, njinga yanga ife injini pakati pa Lunzu ndi Lirangwe dzuwa lili paliwombo.

Dokotala anati wodwala ndi munthu wamkulu, akhoza kudzivomerezera yekha. Bambo anapumira m'mwamba kangapo asanayankhe.

"Amve kaye achimwene ndi achemwali."

"Chabwino," anatero dokotala, "koma musachedwe. Mtima wothamanga chonchi umatopa."

Mwina mukufunsa kuti bwanji sitinangoimba foni. Nkhani ya moyo wa munthu siikambidwa pa foni. Foni ndi yodziwitsira kuti munthu akubwera kudzanena nkhani imene siingakambidwe pa foni. Ndinaimba, ndinanena zimenezo, ndipo ndinakwera njinga kulowera ku Kameza, ulendo wa ku Chileka.

Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa mango kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo, kufupi ndi mpanda wa bwalo la ndege. Anthu akumeneko ali ndi luso limene sindinalionepo kwina. Ndege sizibwera pafupipafupi, koma ikabwera onse amaima pakati pa chiganizo, ndipo azakhali amatha kusunga mwano m'kamwa mpaka ndege itatera, n'kupitiriza pomwe anasiyira osataya ngakhale mpweya.

Panali bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, amene analinso ankhoswe a ukwati wa makolo anga. Iwowa banja lonse linkawalemekeza pa nkhani za magetsi chifukwa anagwirapo ulonda pa nyumba ya mpanda wa mawaya oluma a magetsi. Panali azakhali, amene magetsi anali nawo mlandu wakale, chifukwa tsiku lina atazima anabwerera mwaukali n'kuwaphera filiji muli thobwa wogulitsa. Ndiye panali msuweni wanga, mwana wa azakhaliwo, wowotcherera zitsulo, munthu wopanda nsidze.

Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, jumbo, mchere, timakomo, kwaya, timabowo timene timadzitseka tokha. Onse anamva, palibe amene anawodzera. Koma m'mutu mwa azakhali munangokhala chinthu chimodzi.

"Mabowo!" anatero, akuwomba m'manja. "Mlongo wanga anapita ku Lirangwe mtima uli wathunthu. Wawalimira, wawamangira, lero akufuna atibwezere sefa?"

"Amadzitseka okha, azakhali."

"Denga langa lija linadzitseka lokha? Ukaone mabeseni ali m'chipindamo."

Bambo aakulu anatsokomola kuti onse akhale chete. Anati magetsi iwo amawadziwa kuyambira ali ang'ono, ndiye kuti magetsiwo ali ang'ono. Anasimba za wakuba amene anagwira mawaya a mpanda umene iwo ankalondera. Munthuyo anaponyedwa m'mwamba n'kukagwera ku Madziabango, kufika minibasi isanafike, ndipo kuyambira pamenepo akaona batire la wailesi amavula chipewa.

"Ameneyo anangogwira ndi dzanja," anatero bambo aakulu. "Nanga mtima?"

Ndinayesa kunena kuti a kuchipatala amayeza, koma msuweni anandidula.

"Madala, tisakangane za zinthu zimene sitinazione. Wailesi mumagula osaimva kulira? Tiyese kaye. Makina alipo. Aise, thamanga ukagule mtima wa mbuzi."

Nkhope za onse zinawala. Palibe chimene banja lathu limakhulupirira kuposa chinthu choona ndi maso. Ndinakwera njinga kupita ku msika wa ku Lunzu, kwa bambo wina Msilamu amene amazinga mbuzi kumeneko. Atafunsa kuti mtima wokhawokha ndikukatani nawo, ndinati ndi nkhani ya kuchipatala. Anagwedeza mutu mwachisoni n'kundisankhira wa mbuzi imene, malinga ndi iye, inali yofatsa ndipo sinkadwala kanthu.

Nditabwerera ndinapeza magetsi atazima. Banja linakhala pansi kudikira magetsi kuti liweruze mlandu wa magetsi. Tinadikira madzulo onse. Bambo aakulu anagona pampando. Azakhali anaika mtima uja m'mbale n'kuvundikira, ndipo mphaka anaikidwa pansi pa dengu, pamwamba n'kutsindirapo njerwa. Ine ndinazembera kuseri kwa nyumba n'kuimbira amayi. Mawu awo anali aang'ono.

"Sakutha kugona chagada. Akungokhala tsonga. Ati chiyani kumeneko?"

"Akufufuzabe, amayi."

"Uwauze afufuze mwachangu."

Magetsi anabwera m'mawa mwake. Tonse tinakhamukira ku shedi ya msuweni, pamene amapangirapo mageti ndi mafelemu a mawindo. Mtima unagonekedwa pa chidutswa cha lata. Azakhali anakumbukira kuti dokotala anatchula mchere, wa m'kati ndi wa kunja, choncho anauthira mchere mbali zonse mosaumira. Anakumbukiranso za kwaya, ndiye anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, bambo aakulu n'kumayankha ndi besi, aliyense vesi yake, kuti zonse zifanane ndi mmene zinalili mwa wodwala. Msuweni anamangirira chopanira cha makina ake ku lata, anavala magalasi akuda, n'kulamula kuti aliyense asunthe.

Kunang'anima. Mababu a m'dera lonse anaphethira, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti wometa wina anasiya kasitomala ali ndi theka la mutu. Mtima uja unadumpha kuchoka pa lata, n'kugwera pa nsapato ya bambo aakulu. Fungo limene linatuluka linaitana agalu onse a ku Chileka, ena ochokera kutsidya kwa mpanda wa ndege, amene malamulo salola kuti akhaleko.

Tinautola n'kuuika pa benchi. Pakati pake panali bowo loti chala chachikulu n'kulowa, m'mphepete mwakuda bii.

"Tsopano tidikire lidzitseke," anatero azakhali, n'kupinda manja.

Tinadikira. Mthunzi wa shedi unasuntha. Bowo linangotiyang'ana.

"Koma madala," ndinatero, "mbuziyi inafa dzulo. Chinthu chakufa sichidzitseka. Ndiponso makinawa ndi a mageti. A kuchipatala amamenya kamphindi kosakwana kuphethira, ndipo timabowo take sitioneka ndi maso."

"Ngati sitioneka, wationa ndani?" anafunsa azakhali.

"Mwana wanga," anatero bambo aakulu mwachifundo, "iwe ndiwe wa ku Lirangwe. Wabweretsa uthenga, zikomo. Koma mawu pano ulibe."

Zimenezo zinali zoona, poti ana ndi a kuchikazi. Msuweni anati umboni suyenera kutayidwa, choncho anaumaliza kuotcha bwinobwino, tinaudula tizidutswa, azakhali n'kubweretsa tsabola. Sindingabise, unali wokoma, kungoti mchere unachuluka. Titatha kutafuna, bambo aakulu anapukuta pakamwa n'kulengeza chigamulo. Banja lakana. Anati akasamba, avale bwino, akwere minibasi kukanena okha kuchipatala, chifukwa kukana kwa banja sikutumizidwa ndi wa kabaza.

Ine ndinatsogola pa njinga. Njira yonse ndinkakonza bodza. Mabodza ndimawatha, anthu amandinena choncho ngakhale ine sindinanamepo, ndipo ndinali nditapeza labwino ndisanafike pa Kameza. Ndikati avomera, akubwera ndi madalitso.

Nditalowa mu wodi ndinapeza manesi atazungulira bedi la bambo. Nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa, thukuta lili kamukamu, maso akuyang'ana koma osazindikira munthu. Kamakina ka pambali kankalira mothamanga ngati kakuthawa. Dokotala anali pomwepo, ndipo kudekha kwake kuja kunali kutachepako.

"Magazi sakuyendanso mokwanira," anauza amayi. "Iwowa panopa sangathe kudziyankhira. Tikadikira minibasi atisiya. Mayi, mukuti bwanji?"

Amayi anatembenukira kwa ine.

"Ati chiyani kwawo?"

Bodza linali pa lilime, lokonzeka, lopakidwa mafuta. Koma amayi anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikabwera kuchokera kudambo zovala zitanyowa, ndipo pakamwa panga panandipereka.

"Akana, amayi."

Sanalire. Anamasula chitenje n'kuchimanganso mwamphamvu m'chiuno, ngati akupita kukasenza nkhuni.

"Ndiye kuti mlandu ndi wanga ndekha," anatero. "Adokotala, amenyeni."

Anatitulutsa kuseri kwa katani, koma kataniyo inali yaifupi, ndipo ine ndine wamtali. Ndinaona akuwabaya jekeseni wa tulo, akumata zinthu ziwiri ngati zigamba pachifuwa, chimodzi cha kumtunda kudzanja lamanja, china m'nthiti kumanzere. Dokotala anasintha kanthu pa makina, anayang'ana, n'kuuza onse kuti achotse manja pa bedi. Kunalibe moto, kunalibe utsi, agalu sanabwere. Kunangomveka ngati thumba la chimanga lagwa kuchokera pa ngolo, thupi la bambo n'kunyamuka pang'ono.

Kenako kamakina kaja kanakhala chete. Dokotala anati kamphindi, koma kamphindi kameneko ine ndikanatha kupita ku Lirangwe, kumwetsa mbuzi, n'kubwerera. Amayi anandigwira mkono, ndipo zipsera za zikhadabo zawo ndili nazo, amene akukayika abwere adzaone. Ndiye kanalira kamodzi. Kanadikira. Kanaliranso, n'kupitiriza choncho, mwaulemu, ngati munthu woyenda wapansi amene sakuthamangira kulikonse.

Amayi anakhala pansi pa simenti pomwepo. Anapempha madzi, nesi anabweretsa, koma anangogwira kapuyo osamwa.

Akuchimuna anafika nthawi yoonera odwala. Bambo aakulu anavala jekete lawo la ulonda, azakhali duku latsopano. Anapeza bambo atatsamira mapilo, maso ali gwa, akupuma ngati munthu wamba. Koma banja likatuma munthu, uthenga umayenera kufika. Bambo aakulu anaima kumiyendo kwa bedi, anavula chipewa, n'kulankhula kwa amayi.

"Alamu, takhala pansi. Tafufuza, tayesa ndi manja athu. Banja lakana."

"Zachitika kale, alamu," anatero amayi.

"Analola ndani?" anafunsa azakhali.

"Ine."

Azakhali anakweza malaya a bambo n'kuyamba kufufuza mabowo. Anangopeza malo awiri ofiira, ngati pamene pagona botolo la madzi otentha. Anaika khutu pachifuwa, anamvetsera nthawi yaitali, ndipo zinaoneka kuti zimene anamvazo zinawakwiyitsa kwambiri chifukwa munalibe chodandaula. Anakodola nesi amene ankadutsa.

"Inu anesi, banja silinalole. Magetsi mwaikamowo muwachotsemo."

Nesi anati magetsiwo anadutsa kalekale, sakhalamo ngati madzi m'ndowa. Azakhali anati iwo si mwana, filiji yawo inawaphunzitsa zambiri. Kenako anatembenukira kwa amayi, mawu atatsika, ndipo apa panalibenso choseketsa.

"Alamu, mwachita zimene mwachita. Koma mudziwe. Kaya papite zaka zingati, kaya adzagwe mu mtengo, kaya adzalumidwe ndi njoka, ife tidzadziwa pamene zinayambira."

Amayi anangoweramitsa mutu, monga amachitira mkazi pamaso pa eni ake a mwamuna. Ndi bambo amene analankhula, pang'onopang'ono, lilime likadali lolemera ndi mankhwala a tulo.

"Achemwali, mukanafika ndi yankho lanuli n'kundipeza nditazizira, mukananditengera kuti?"

"Kwanu, nanga kuti? Ku Chileka, kumene kunagona amayi athu."

"Ndiye mumve muli pano nonse, achimwene ndinu mboni. Tsiku langa likadzafika, pasadzakhale wofunsa mayi awa funso lililonse. Ndiponso musadzavutike ndi galimoto. Mudzandiike ku Lirangwe."

Bambo wina wa pabedi loyandikana, amene tonse tinkayesa ali mtulo, anati ameni osatsegula maso. Azakhali anatsegula pakamwa, koma ngakhale kunalibe ndege, mawu sanatuluke. Bambo aakulu anazungulitsa chipewa m'manja n'kunena kuti nkhani imeneyo ndi yaikulu, ikufunika kukhalirana pansi. Akukhaliranabe pansi mpaka lero.

Amayi anaimirira, anachotsa dzanja la azakhali pa malaya a bambo mwaulemu, n'kuyamba kumanga mabatani amene anatsala.

"Wakuuzani ndani kuti kumanda kwathu kuli malo a alendo?" anatero kwa bambo, osawayang'ana kumaso. "Gonani apo mupume. Chimanga chili pakhonde chosatonola, mukuganiza kuti atonola ndani?"